Mpando wa Davide Uli Kuti?

Mfumu ya m'mudzi ikamwalira, anthu amalira ndithu, koma kuseri kwa siwa kumakhala kutayamba kale manong'onong'o: alowa dzina ndani? Akuluakulu a mbumba amakhala pansi, ntchembere n'kuyamba kulondola mabere, uyu anabadwa kwa yani, agogo ake anali bere lalikulu kapena laling'ono. Nthawi zina nkhani imatha mwezi womwewo. Nthawi zina imakoka zaka, mudzi n'kumayendetsedwa ndi wongogwirizira, mlandu mpaka kufika kwa a DC ndi kukhoti. Koma mpando ungakhale wopanda munthu zaka khumi, palibe amanena kuti ufumu watha. Aliyense amadziwa kuti mwini wake alipo penapake ndipo tsiku lina adzavekedwa.

Ayuda anakhala ndi mpando wotere kwa zaka pafupifupi 600 Yesu asanayambe kulalikira. Akhristu amati mwini mpandowo anafika, ndiye Yesu wa ku Nazarete. Pamenepo onse ndi amodzi, kaya Mkatolika, wa CCAP, wa Seventh Day kapena wa Pentekosite. Mkangano umayamba munthu akafunsa kuti mpandowo uli kuti, ndiponso ngati Yesu anakhalapo kale kapena adzakhalapo m'tsogolo.

Lonjezo limene Davide analandira

Davide analamulira Israeli cha m'ma 1000 BC, ndiko kuti zaka pafupifupi 1,000 Yesu asanabadwe. Buku la 2 Samueli mutu 7 limasimba kuti atamanga nyumba yake yachifumu ya mitengo ya mkungudza, mtima unamutsutsa poona kuti Bokosi la Chipangano likukhalabe mu hema. Anaganiza zomangira Mulungu nyumba. Mneneri Natani anabwera ndi yankho losembenuza maganizowo: Davide samangira Mulungu nyumba, Mulungu ndiye amumangire Davide nyumba, kutanthauza banja lachifumu losatha. Mwana wa Davide akadzalakwa adzalangidwa ngati mwana, koma ufumu sudzalandidwa monga unalandidwira kwa Sauli.

Mfumu ya Aisraeli ankailonga poithira mafuta pamutu. Samueli anadzoza Davide ndi mafuta a m'nyanga abale ake akuona. Wodzozedwa chotere m'Chiheberi ndiye Mesiya, m'Chigiriki ndiye Khristu. Choncho poyamba mfumu iliyonse ya banja la Davide inali wodzozedwa wa Mulungu. Patapita nthawi ndi pamene dzinali linasanduka la munthu mmodzi woyembekezeka.

Kuti banja limeneli linalikodi, miyala ikuchitira umboni. Mu 1993 ofukula zakale anapeza pa Tel Dan, kumpoto kwa Israeli, chidutswa cha mwala chimene mfumu ina ya Aaramu inalembapo zodzitamandira pankhondo m'zaka za m'ma 800 BC, ndipo pakati pa adani ake inatchula nyumba ya Davide.

Mpando utagwa

Zidzukulu za Davide zinalamulira ku Yerusalemu zaka pafupifupi 400. Solomoni atamwalira mafuko khumi a kumpoto anapatuka, ndipo ufumu wawowo unamezedwa ndi Asuri mu 722 BC. Ufumu wa Yuda unatsala mpaka 586 BC, pamene Nebukadinezara wa ku Babulo anagumula malinga a Yerusalemu ndi kutentha Kachisi. Mfumu yomaliza, Zedekiya, inathawa usiku koma inagwidwa m'chigwa cha Yeriko. Ku Ribila anapha ana ake iye akuona, kenako anamukolowola maso, n'kumutengera ku Babulo atamumanga maunyolo. Chinthu chomaliza chimene munthu ameneyu anaona ndi imfa ya olowa ufumu wake.

Salimo 89 limaonetsa mmene mitima inaswekera. Limayamba ndi kutamanda Mulungu chifukwa cha lumbiro lake kwa Davide, koma likamafika kumapeto wolemba akudandaula kuti chisoti chaufumu chatayidwa m'fumbi, ndipo akufunsa Mulungu mosabisa kuti lonjezo lija lapita kuti.

Apa ndi pamene mawu a aneneri anayamba kumveka mwatsopano. Yesaya, amene anakhalako zaka zoposa 100 chiwonongekochi chisanachitike, anali atanena za mphukira yotuluka pachitsa cha Yese, bambo wa Davide, mfumu yoweruza amphawi mwachilungamo, m'nthawi imene mmbulu udzagona pamodzi ndi mwana wa nkhosa. Iye ndi Mika ananenanso za mitundu yosula malupanga kuti akhale zolimira. Mika analoza ku Betelehemu. Yeremiya ndi Ezekieli analonjeza Davide watsopano wodzasonkhanitsa omwazikana. Zekariya anaona mfumu yofatsa ikulowa mu Yerusalemu itakwera bulu.

Ayuda atabwerako ku ukapolo m'nthawi ya Aperisi, maso anali pa Zerubabele, mdzukulu wa mfumu Yehoyakini, ndipo mneneri Hagai anamulankhulira mawu aakulu. Koma iye anathera pa ubwanamkubwa. Pambuyo pake banja la Amakabeo linavala ufumu, koma linali la ansembe, osati la Davide. Mu 63 BC mkulu wa asilikali a Aroma, Pompey, analanda Yerusalemu, ndipo Herode amene Aromawo anamuika anali wochokera ku Idumeya. Anthu sankayembekeza zofanana onse. Mipukutu imene inayamba kupezeka m'mapanga a ku Qumran mu 1947 ikuonetsa kuti gulu lina linkadikira odzozedwa awiri, wina wansembe wina mfumu. Komabe ambiri ankafuna munthu wodzapirikitsa atsamunda, kubweza obalalika, ndi kulamulira mwamtendere ali ku Yerusalemu.

Mfumu yopachikidwa

Mateyu amatsegula buku lake ndi mndandanda wa makolo, pofuna kutsimikiza kuti Yesu ndi wa magazi achifumu. Luka nayenso ali ndi wake, koma awiriwa amasiyana: Mateyu akudzera mwa Solomoni, Luka akudzera mwa mwana wina wa Davide dzina lake Natani, ndipo bambo wa Yosefe ndi Yakobo kwa Mateyu, Heli kwa Luka. Akhristu akale anaziona zimenezi. Julius Africanus, m'zaka za m'ma 200, anati panali kulowa chokolo, kotero kuti Yosefe anali ndi bambo womubereka ndi bambo wa mwalamulo. Ena amati Luka akulondola mzere wa Mariya. Enanso amati Mateyu akutchula oyenera kulowa ufumu pomwe Luka akutchula obereka enieni.

Zimene Yesu anachita ndi ufumuwo n'zimene zinasokoneza anthu. Atadyetsa chikhamu, anthu anafuna kumulonga ufumu mokakamiza, iye n'kuthawira kuphiri. Koma sabata yake yomaliza anasankha dala kulowa mu Yerusalemu pa bulu, anthu akugwedeza nthambi, mwambo umene timaukumbukira pa Lamulungu la Kanjedza pamene misewu ya kuno kwathu imadzaza ndi akhristu onyamula masamba. Masiku ochepa chabe atadutsa, anauza Pilato kuti ufumu wake suchokera m'dziko lino, ndipo Pilato anakhoma pamtanda chikwangwani chomutcha mfumu ya Ayuda, m'Chiheberi, m'Chilatini ndi m'Chigiriki. Aroma anakhalabe pomwe anali.

Ophunzira awiri a pa njira ya ku Emau ananena poyera kuti chiyembekezo chawo chafera pamtanda. Ngakhale atauka, buku la Machitidwe a Atumwi mutu 1 likuti ophunzira anamufunsabe ngati nthawi yobwezera ufumu kwa Israeli yakwana. Yesu sanawadzudzule kuti funsolo n'lolakwika, komanso sanavomere. Anangoti nthawi ndi nyengo si zawo kuzidziwa, iwo apite akachitire umboni. Zambiri zimene Akhristu amakanganirana lero zinamera pa yankho limeneli. Wina amati, mwaona, sanakane, ndiye kuti ufumu wa Israeli udzabwera. Wina amati, mwaona, anawatembenuzira ku ntchito ina, ndiye kuti ufumuwo ndi wa mtundu wina.

Chimene Ayuda amatsutsa

Tisanamve mayankho a Akhristu, ndi bwino kumva mbali inayi, chifukwa ndi yolemera. Ayuda ambiri sanamulandire Yesu chifukwa zimene aneneri analonjeza sizinaoneke ndi maso. Kachisi anawonongedwanso ndi Aroma mu 70 AD. Mu 132 Simon Bar Kokhba anayambitsa nkhondo, ndipo mphunzitsi wotchuka Akiva anamuona ngati Mesiya, koma ataphedwa mu 135 nkhani yake inathera pomwepo. Kwa Ayuda muyeso wake ndi womwewo kwa aliyense. Maimonides, katswiri wawo amene anamwalira mu 1204, analemba kuti Mesiya weniweni adzadziwika pomanga Kachisi ndi kusonkhanitsa obalalika.

Mu 1263 mfumu James ya ku Aragon inakonza mtsutso ku Barcelona pakati pa mphunzitsi wachiyuda Nachmanides ndi Myuda wina wolowa Chikhristu, Pablo Christiani. Nachmanides anafunsa kuti ngati Mesiya anabwera kale, bwanji nkhondo sizinathe, ndipo bwanji Akhristu eni ake akukhetsa magazi kuposa ena. Funso limeneli silinakalambe, ndipo Mkhristu woona mtima sangalilumphe, makamaka akakumbukira nkhanza zimene Ayuda anachitiridwa m'mayiko otchedwa achikhristu.

Yankho lakale la Akhristu ndi lakuti Mesiya amabwera kawiri. Justin Martyr analifotokoza cha m'ma 150 m'buku la zokambirana zake ndi Myuda wotchedwa Trypho: kubwera koyamba ndi kwa mtumiki wozunzika wa pa Yesaya 53, kwachiwiri ndi kwa Mwana wa Munthu wa pa Danieli 7, wobwera ndi ulemerero. Kuyambira pamenepo funso ndi lakuti ndi maulosi ati a ufumu amene anakwaniritsidwa ulendo woyamba, ndipo ndi ati akudikira wachiwiri.

Amene amati ali kale pampando

Pa tsiku la Pentekosite, Petro analalikira kuti Mulungu analumbira kwa Davide zoika mdzukulu wake pampando, ndipo nthawi yomweyo analumikiza lumbirolo ndi kuuka kwa Yesu ndi kukwezedwa kwake kudzanja lamanja la Mulungu. Anagwiritsa ntchito Salimo 110, limene olemba Chipangano Chatsopano amalitchula mobwerezabwereza. Pa msonkhano wa ku Yerusalemu, m'mutu 15 wa buku la Machitidwe a Atumwi, Yakobo anatenga ulosi wa Amosi wa kudzutsa msasa wakugwa wa Davide n'kunena kuti ukuchitika pamene anthu a mitundu ina akulowa mu mpingo. Kwa Akhristu ambiri nkhani yagona pamenepa. Kulongedwa ufumu kunachitika pa kuuka ndi kukwera kumwamba, mpando wa Davide tsopano uli kumwamba, ndipo anthu a mfumuyo ndi onse oikhulupirira.

Nanga zaka 1,000 zimene Chivumbulutso mutu 20 chimati Khristu adzalamulira? Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anayankha m'buku lake la Mzinda wa Mulungu, limene anayamba kulemba Roma atafunkhidwa mu 410. Iye anati nambalayo ndi chizindikiro cha nthawi yonse ya mpingo, kuyambira kubwera koyamba mpaka kwachiwiri. Maganizo amenewa ndi amene anakhazikika mu mpingo wa Katolika, ndipo Luther ndi Calvin anawasunga. Katekisimu wa Heidelberg wa 1563, amene mipingo yochokera ku Dutch Reformed imatsatira, amaphunzitsa kuti Yesu anadzozedwa kukhala mneneri, wansembe ndi mfumu, ndipo ufumuwo amauchita lero potilamulira ndi Mawu ndi Mzimu wake. Papa Pius XI anakhazikitsa chikondwerero cha Khristu Mfumu mu 1925, nthawi imene Mussolini anali atagwira Italy ndipo chikomyunizimu chitagwira Russia, pofuna kukumbutsa olamulira kuti pamwamba pawo pali wina.

Chiphunzitsochi chili ndi msampha wake. Ukanena kuti ufumu ulipo kale, n'kosavuta kuuloza pa boma kapena mpingo umene ukukukomera. Mfumu Constantine ya Roma italola Chikhristu mu 313, bishopu Eusebius anaitamanda ngati chithunzi cha ufumu wakumwamba pansi pano. Ena, monga Jonathan Edwards wa ku America, anakhulupirira kuti Uthenga Wabwino udzafalikira mpaka dziko lonse litakhala pamtendere, kenako Yesu n'kubwera. Chiyembekezo chimenecho chinalimbikitsa amishonale ambiri a m'zaka za m'ma 1800, koma nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene mayiko achikhristu anaphana okhaokha, inachifooketsa kwambiri.

Amene amati adzakhala pampando ku Yerusalemu

Gulu lina limati lonjezo la pansi liyenera kukwaniritsidwa pansi. Davide sanalamulirepo kumwamba, iwo amatero, ndiye mpando wake ungapezeke bwanji kumeneko? Maganizowa ndi akale ndithu. Justin yemwe uja ankayembekeza zaka 1,000 mu Yerusalemu womangidwanso, ngakhale anavomereza kuti Akhristu ena abwino sankaganiza choncho. Irenaeus wa ku Lyon naye ankaphunzitsa zomwezo.

Amene anawapatsa maonekedwe amene tikuwadziwa lero ndi John Nelson Darby, mlaliki wa gulu la Plymouth Brethren, amene anamwalira mu 1882. Iye analekanitsa Israeli ndi mpingo. Malinga ndi otsatira ake, Yesu anapereka ufumu kwa Ayuda, iwo atakana unaimikidwa kaye, ndipo nthawi ya mpingo ndi yodikirira. Kutsogoloku kudzakhala mkwatulo wa okhulupirira, zaka 7 za chisautso chachikulu, kenako Yesu adzatsika ndi kukhala pampando weniweni ku Yerusalemu zaka 1,000 zenizeni. Baibulo la Scofield la 1909, lokhala ndi ndemanga m'munsi mwa masamba, linafalitsa chiphunzitsochi, ndipo dziko la Israeli litakhazikitsidwa mu 1948 ambiri anati ulosi wayamba kuoneka. Zambiri zimene timamva kwa alaliki a pa wailesi ndi pa kanema zokhudza mkwatulo zinachokera kumeneku.

Ubwino wa gulu limeneli ndi wakuti silichepetsa mawu a aneneri. Pamene Yesaya wanena za chilungamo kwa amphawi ndi kutha kwa nkhondo, iwo amakana kuzisandutsa za mumtima zokha. Vuto limabwera pamene ulosi wasanduka chifukwa chovomerezera chilichonse chimene boma lina la masiku ano lachita, mpaka kuiwala kuti ku Betelehemu komweko kuli Akhristu achipalestina amene makolo awo akhala akupembedza Yesu kuyambira kalekale.

Palinso ena amene analephera kudikira. Mu 1534 gulu lina la obatiza anthu akuluakulu okha linalanda mzinda wa Münster ku Germany n'kuutcha Yerusalemu Watsopano. Telala wina, Jan van Leiden, anadzilonga kukhala mfumu yolowa m'malo mwa Davide, nakwatira akazi ambiri, napha otsutsa. Mzindawo unagwa mu 1535, ndipo zikwere zachitsulo zimene anaikamo mitembo ya atsogoleriwo zikadali lende pa nsanja ya tchalitchi cha St Lambert.

Owerengera zaka, ndi zimene zinachitika kwathu kuno

William Miller wa ku America anawerengera manambala a m'buku la Danieli, ndipo otsatira ake anadikira Yesu pa 22 October 1844. Tsikulo linadutsa. Mwa otsalawo munatuluka mpingo wa Seventh Day Adventist, umene unafika ku Malamulo m'boma la Thyolo mu 1902. Iwo amaphunzitsa kuti mu 1844 Yesu anayamba gawo lomaliza la ntchito yake m'kachisi wakumwamba, ndipo zaka 1,000 zija oyera adzakhala naye kumwamba dziko lili bwinja.

Charles Taze Russell, woyambitsa gulu la Watch Tower, analoza chaka cha 1914. Uthenga umenewu unafika ku Nyasaland kudzera mwa Elliot Kamwana, Mtonga amene anaphunzira ku Livingstonia, kenako n'kuphunzitsidwa za Russell ndi Joseph Booth ku South Africa. Atabwerera kwawo ku Nkhata Bay mu 1908, analalikira kuti ufumu wa Khristu wayandikira, msonkho utha, ulamuliro wa azungu utha. M'miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000. Boma la atsamunda linamvetsa bwino kuti mfumu yatsopano ikalalikidwa, yakale imagwedezeka. Linamuchotsa mu 1909, ndipo sanaloledwe kukhazikikanso kwawo mpaka 1937.

Mboni za Yehova lero zimaphunzitsa kuti Yesu analongedwa ufumu kumwamba mu 1914 mosaoneka ndi maso. Zimawerenga zaka 2,520 kuyambira 607 BC, chaka chimene zimati Yerusalemu anagwa, pomwe akatswiri a mbiri yakale amaika kugwako mu 587 kapena 586 BC. Popeza kwa iwo Ufumu wa Mulungu ndi boma lenileni limene likulamulira kale, salowa ndale za dziko. N'chifukwa chake anakana kugula makadi a chipani m'nthawi ya Dr Banda. Analetsedwa mu 1967, nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa, ena anaphedwa, ndipo mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Munthu angathe kutsutsa kawerengedwe kawo ka zaka, ndipo ine ndimakatsutsa, koma zimene anachitiridwa zinali zoipa, ndipo zikuonetsa kuti funso la mpando wa Davide lakhetsapo magazi m'midzi yathu yomwe.

Unayamba, koma sunafike pachimake

M'zaka za m'ma 1900 akatswiri a Baibulo anayang'ananso mawu a Yesu ndipo anapeza kuti amalankhula mbali zonse ziwiri. Pena amati ufumu wafika kale pakati pa omvera ake, umboni wake n'kutuluka kwa ziwanda. Pena amaphunzitsa kupempha kuti ubwere. Oscar Cullmann, polemba nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, anayerekeza ndi nkhondoyo: asilikali atakocheza ku Normandy mu June 1944, wopambana anali atadziwika, koma kumenyana ku Ulaya kunapitirira mpaka May 1945, ndipo anthu ambiri anafa pakatipo. George Eldon Ladd wa ku America anafalitsa maganizo ofananawo pakati pa mipingo ya chievanjeliko. Cha m'ma 1990, ena mwa otsatira a Darby, monga Darrell Bock ndi Craig Blaising, anavomereza kuti Yesu anayamba kale kulamulira monga mwana wa Davide, ngakhale akuyembekezabe zaka 1,000 za pansi pano.

Ndikuona kuti kumva kotereku ndi kumene kumalemekeza Malemba onse popanda kubisa ena. Kumamulola Petro kunena kuti mfumu yalongedwa, ndipo kumamuvomera Nachmanides kuti malupanga sanasulidwebe. Paulo pa 1 Akorinto 15 akunena chimodzimodzi, kuti Khristu ayenera kulamulira mpaka adani onse atagonja, womaliza kugonja n'kukhala imfa. Kulamulira kulipo, adani nawonso alipo.

Chimene sichinathe ndi malo a Ayuda eni lonjezo. Pa Aroma 11 Paulo akuti mtundu wake sunatayidwe, ndipo pamapeto Israeli yense adzapulumuka. Calvin anamva kuti Israeli ameneyu ndi anthu onse a Mulungu, Ayuda ndi amitundu pamodzi. Otsatira Darby amati ndi mtundu wa Ayuda m'dziko lawo, mfumu ili pakati pawo. Mpingo wa Katolika, umene mu 1965 pa msonkhano wachiwiri wa ku Vatican unakana zoti Ayuda onse aziimbidwa mlandu wa imfa ya Yesu, umaphunzitsa m'katekisimu wake kuti kubweranso kwa Mesiya kukudikira kuti Israeli amuzindikire, koma sutchula chaka kapena malire a dziko.